Kalata Yochedwa ya ku Katete

Ba Emelia Daka amakhala ku Nangongwe m'tauni ya Kafue, m'nyumba ya mabuloko yachitatu kuchokera pamene msewu wafumbi umakhotera kunjanji. Anzawo a kutchalitchi amawaitana kuti Amake Prudence. Amene sawadziwa bwino amangoti amai aja a chitini, chifukwa pakati pa bwalo lawo pali chitsulo choimikidwa, ndipo pamwamba pake pamakhala chitini cha jamu chopanda chivindikiro. Aliyense wochigwira amakalipiridwa. Chitinicho chinaikidwa ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo sunathe mpaka lero.

Atate awo, a Abel Daka, anachoka ku Katete, kum'mawa kwa dziko, ali mnyamata kudzagwira ntchito yokonza njanji ku Kafue. Anabwera ndi bulangete, Baibulo la Chinyanja, ndi chimanga cha mbewu chomangidwa m'mwendo wa buluku lakale. Chinali chimanga cha makolo, choyera, cha maso olimba ngati mano, chimene anankafumbwe amachiopa ndipo chikasinjidwa sichiphwanyika. A Daka anatsegula munda m'mbali mwa njanji, ndipo mbewuyo inafalikira m'mabanja onse a kum'mawa amene ankapemphera nawo. Ba Emelia anabadwira m'Kafue momwemo. Ku Katete anapondako katatu kokha moyo wawo wonse, kawiri pa maliro, komabe akamati kwathu amanena ku Katete.

Anagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi m'fakitale ya nsalu, kuimirira pa makina opota ulusi mpaka miyendo kutupa. Itafika nthawi imene makampani ankagulitsidwa, anawapatsa kalata pageti n'kuwauza kuti adikire ndalama zawo. Akudikirabe. Amuna awo, Ba Titus, anapita ku Chirundu kukasaka ntchito pa malole, n'kupezako ntchito ndi mkazi wina. Chimene chinatsala m'manja mwa Ba Emelia chinali mwana mmodzi, munda wa m'mbali mwa njanji, ndi mbewu ija. Prudence anakula ndi kuphunzira ndi chimanga chimenecho.

Anthu a kum'mawa a m'Kafue anali ndi mwambo wawo wa kubzala. Sankabzala mpaka atamva kuti kwawo abzala. Masiku a a Daka, abale a ku Katete ankalemba kalata akamaliza kubzala, ndipo a Daka ankaiwerenga Lamulungu panja pa tchalitchi, pansi pa mtengo wa mango. Akangoti kwathu abzala, Lolemba makasu onse anali m'munda. Makalata atasiya kulembedwa, mawuwo ankabwera ndi mng'ono wa mnzawo wa kutchalitchi, Ba Lastone Sakala. Mng'onoyo ankatsika basi ndi matumba a mtedza wogulitsa atamaliza kubzala munda wake. Kumudziko foni inkagwira pamwamba pa chulu chimodzi chokha, ndipo palibe ankakwera chulu kukanena za makasu. Mwambowo unkayenda bwino ndithu, ndipo palibe anaufunsapo chifukwa chake.

M'chaka cha 2018 kumudzi anaimika nsanja ya mafoni. Ba Lastone, amene anali kapitawo ku fakitale ya feteleza asanapume, anatsegula gulu pa Watsapu n'kulitcha Ana a Kwathu, iwo n'kukhala mwini gulu. Prudence, amene tsopano ankakhala ku Estates, dera lina la Kafue, n'kumakwera minibasi kukagwira ntchito ku Lusaka, anagulira amai ake foni yokhudza ndi chala. Anawaikiramo kachipangizo kolosera nyengo, kamene ankakatcha apu, n'kuwauza kuti masiku ano mlimi sayang'ana kumwamba, amayang'ana m'dzanja.

Lachinayi lina kumayambiriro kwa Novembala, m'gulu munalowa vidiyo. Mvula inali kukhuthuka padenga la msuweni wa Ba Emelia ku Katete, nkhuku zitabisala pansi pa nkhokwe. Mawa lake kunabwera chithunzi cha anthu ali chiweramire m'mizere. Sabata yomweyo ku Kafue kunagwa kamvula kogoneka fumbi, ndipo apu ija inajambula mtambo wodontha pa masiku asanu ndi awiri otsatizana. Ba Lastone analemba mawu awiri a makolo aja, kwathu abzala, ndi zilembo zazikulu. Ba Emelia anaona kuti mboni zakwana zitatu, kwawo, foni ndi fumbi lonyowa, ndipo Loweruka anabzala munda wonse, monga anachitira mabanja ena onse.

Chimanga chinamera bwino, mizere yowongoka ngati ulusi. Kenaka dzuwa linakhala masiku khumi ndi asanu ndi anayi osaphethira. Ba Emelia ankapita kumunda m'mawa uliwonse kukaona masamba akupindika, akuchita mbuu, akugona pansi. Anayesa kutunga madzi ndi ndowa, koma munda wa mizere makumi asanu ndi limodzi suthiriridwa ndi mkono wa munthu mmodzi. M'mawa uliwonse foni inkawaonetsabe mtambo. Tsiku lina anaiponya pa mpando mwamphamvu mpaka galasi linang'aluka pakona.

Prudence atabwera Loweruka anayesa kufotokoza. Anati apu sinaname, pansi pa mtambopo panali manambala ang'onoang'ono onena kuti mwayi wa mvula unali magawo atatu okha pa khumi.

"Ngati ni magawo atatu, bajambulilanji mtambo wonse?" anafunsa Ba Emelia. "Bakanajambula kachidutswa. Ine nabzala chimanga cha ambuye ako pa chithunzi."

Prudence anatenga foniyo n'kumapukuta galasi long'alukalo ndi chitenje.

Chaka chimenecho mvula inavuta m'dera lonse, ndipo amene anabzalanso kachiwiri ndi mbewu yawo yotsala anaitaya yonse. Ba Emelia anapulumuka ndi chigubu chimodzi cha mafuta ophikira chodzaza mbewu yosakaniza ndi phulusa. Anachisungira mlongo wawo wa ku Mazabuka amene analonjeza kudzatenga koma osabwera. Anatumiza uthenga ku Katete kupempha kuti awasungireko chimanga cha makolo. Msuweni uja anayankha ndi chithunzi cha thumba la mbewu ya m'sitolo, n'kunena kuti chakalecho kumudzi anachisiya kalekale, mwina afunse ku Kafue komweko. Apa m'pamene Ba Emelia anazindikira kuti mbewu yonse ya a Abel Daka yotsala padziko inali m'chigubu chimene chinali pansi pa bedi lawo.

Kutchalitchi sanasiye kupita, koma mwezi wathunthu ankakhala m'kwaya milomo ili yotseka. Sankakwiyira Mulungu kwenikweni. Ankakwiya chifukwa sankadziwa amene wawanamiza, pakuti anachita zonse monga atate awo ankachitira.

Yankho analipeza mu Januwale, akufufuza mapepala a kufakitale m'sutikesi yachitsulo ya malemu atate awo. Pansi pake panali makalata khumi ndi imodzi a ku Katete, omangidwa ndi kachingwe. A Daka anali munthu wa njanji, wokonda nthawi, ndipo kumbuyo kwa envulopu iliyonse analemba ndi pensulo tsiku limene anabzala. Ba Emelia anakhala pansi n'kuyala makalatawo. Ina inalembedwa pa 11 Novembala, chidindo cha positi ya Kafue n'cha pa 29, ndipo pensulo inati pa 2 Disembala. Ina inalembedwa pa 6, kubzala pa 28. Onsewo anali chimodzimodzi. Kalata inkadikira munthu wopita kuboma, inkagona pa positi, inkayenda pa basi mpaka ku Lusaka, kenaka n'kudikira Lamulungu. Pakati pa khasu la ku Katete ndi khasu la ku Kafue pankadutsa masabata atatu, nthawi zina kuposerapo. Mng'ono wa Ba Lastone ndi mtedza wake ankachedwanso chomwecho. Zaka zonsezi chimene chinkawasunga sanali mawu a kwawo. Kunali kuchedwa kwa mawuwo, ndipo foni inachotsa kuchedwako popanda wina kuzindikira.

Munthu wina akanapeza mpumulo. Ba Emelia mkwiyo unangokula, chifukwa tsopano anaona kuti chimanga chinafa ndi chinthu chopusa, ndipo iwonso anali nawo m'kupusako.

Sabata yomweyo anaimika chitsulo pabwalo ndi kuika chitini. Anatenga lula yakale ya Prudence ya kusukulu, ndipo m'mawa uliwonse ankayeza madzi a m'chitini n'kulemba pa kalendala ya tchalitchi, pansi pa vesi la tsikulo. Foni sanaitaye. Anati inadya chimanga chawo, choncho iyenera kugwira ntchito. Anauza Prudence kuti awaikiremo ma apu ena atatu, ndipo madzulo aliwonse ankalemba zimene iliyonse yalonjeza, m'mawa n'kufunsa chitini. Ankaziweruza ngati mmene kapitawo wa kufakitale ankaweruzira nsalu, kuyang'ana pa kuwala ndi kukoka m'mphepete.

Imodzi inkalonjeza mvula pafupifupi tsiku lililonse, ndipo pakati pa mitambo yake pankatulukira malonda a mapampu ndi mbewu. Ba Emelia anati munthu wogulitsa maambulela sangakuuze kuti kunja kwacha bwino, n'kuifufuta. Ina inafuna nambala ya chitupa chawo n'kulonjeza feteleza waulere, asanaone n'komwe za nyengo. Inapita tsiku lomwelo. M'gulu la Ana a Kwathu munazungulira mawu ojambulidwa a munthu wodzitcha katswiri, wochenjeza za chigumula. Ba Emelia anakakamiza Prudence kufufuza kumene anachokera, ndipo zinapezeka kuti anali a zaka zitatu zapitazo, onena za dziko lina. Kuyambira pamenepo, chilichonse cholowa m'foni ankachifunsa kuti wanena ndani, akunena za kuti, ndipo ananena liti. Chopanda dzina ndi tsiku ankachiona ngati kalata yopanda chidindo.

Pofika Malichi anatsala ndi zinthu ziwiri zokha zimene ankazimvera. Apu imodzi inkalondola za mawa ndi mkuja, koma kupitirira apo inkangolota. Chinacho chinali chikalata cha a zanyengo a boma chotuluka masiku khumi alionse, cha Chingerezi chouma, chopanda chithunzi chokongola, chimene Prudence ankawawerengera pa foni ali mu minibasi. Ba Emelia anachikonda chifukwa chinkatchula madera ndi maina, chinkanena mvula imene yagwa kale, ndipo pamene sichikudziwa chinkavomera.

Munda woyandikana ndi wawo unali wa Ba Fines Hamoonga, Mtonga amene kale anali msodzi, wokonda kudandaula ndi chibuku. Iwo ankalima mapira ndi nyemba, ndipo kwa zaka zambiri ankatcha anthu a kum'mawa kuti alimi a positi ofesi. Ba Emelia atawaonetsa kalendala, Ba Fines anaseka mpaka kutsokomola. Anati iwo alibe lula, amangokumba ndi dzanja, ndipo chinyontho chikapanda kufika pamfundo ya mkono sataya mbewu. Ba Emelia anawayankha kuti akanatha kunena zimenezo chaka chatha m'malo moseka. Ba Fines anati palibe anawafunsa. Zinali zoona, ndipo zinawawa.

Novembala wa 2019 anafika ndi kutentha koopsa, magetsi akuzima tsiku lonse, mafoni akukatchajidwa ku sitolo ya sola. Pa 12 vidiyo ya mvula ya ku Katete inalowanso m'gulu. Lamulungu lotsatira, anthu atatuluka m'tchalitchi, Ba Lastone anasonkhanitsa a kum'mawa pansi pa mango uja. Analankhula bwino, pakuti ndi munthu wodziwa kulankhula. Anati chaka chatha chinali chilala cha dziko lonse, osati cholakwa cha munthu. Anati kwathu abzala, kuno kwawaza kale kawiri, choncho mawa aliyense abzale mbewu yake ya m'sitolo. Kenaka anatembenukira kwa Ba Emelia. Anati gulu lagwirizana kuti mbewu ya a Daka si ya nyumba imodzi, choncho chigubu chija chibwere mawa, chibzalidwe m'munda wawo wa iwo a Sakala umene uli waukulu, kuti chichuluke onse agawane.

Ba Emelia anatulutsa makalata aja m'Baibulo lawo. Anawerenga masiku, chidindo ndi pensulo, kalata imodzi imodzi. Ena anayandikira kudzaona. Ena ankayang'ana kumsewu kumene minibasi inkaitana anthu.

"Manje Amake Prudence," anatero Ba Lastone mofatsa, "mufuna kutiuza kuti atate anu benze olakwa? Mwambo wamene banatisiyila ise tonse?"

"Atate anga benze na positi, Ba Lastone. Imwe muli na foni. Bamene balakwa ni ise."

"Kapena chitini chanu chiziba kupambana anthu a kwathu?"

"Chitini changa chili ku Nangongwe. Chimanga nibzala ku Nangongwe."

Wina kumbuyo anaseka n'kudzitseka pakamwa. Ba Lastone anati ngati ndi choncho, mbewuyo ikafera m'chigubu kapena ikabzalidwa mochedwa n'kulephera kukhwima, anthu adzadziwa amene anaipha. Ba Emelia anapinda makalata awo n'kunyamuka osatsazika, chinthu chimene sanachitepo pa tchalitchi. Asanafike pa mphambano ya kumsika foni inalira, ndipo anaona kuti achotsedwa m'gulu la Ana a Kwathu. Mwana wa Abel Daka anachotsedwa kwawo ndi chala chimodzi.

Masabata atatu otsatira anali owawa kuposa chilala. Kamvula kanagwanso, ndipo minda ya anzawo inabiriwira pamene wawo unali dothi lokhalokha pakati pake, ngati chigamba. Azimayi amene anaimba nawo zaka makumi awiri ankawapatsa moni wa patali. Ngakhale Prudence anawachonderera pa foni kuti abzaleko theka, anthu asiye kuyankhula. Mawu a Ba Lastone ankawaluma, chifukwa anali ndi choonadi chake. Chimanga cha makolo chimafuna miyezi inayi ndi theka, ndipo tsiku lililonse lodikira linkadulidwa kumapeto kwa nyengo. M'mawa wina anatulutsa chigubu, kuchitsegula, kufika nacho mpaka pageti. Koma m'chitini munali madzi osakwana chala chopingasa, anakumba m'munda n'kupeza fumbi pansi pa zala, ndipo chikalata cha a zanyengo chinati dera lawo mvula yeniyeni sinakhazikike. Anabweza chigubu pansi pa bedi, akudzitukwana okha.

Kenaka dzuwa linabwerera masiku khumi ndi awiri, ndipo minda yobiriwira ija inayamba kupindika masamba. Ba Emelia sanakondwere. Ankadutsa ndi mutu pansi, akudziwa kuti m'nyumba zimenezo muli ana.

Mvula inabwera pa 4 Disembala, n'kugwa masiku atatu otsatizana. Lula inamira kupitirira masentimita anayi. Dzanja linalowa m'dothi mpaka pamfundo, lonyowa. Apu ija inati mawa ndi mkuja igwanso. Pa 7 anabzala okha, maso awiri awiri pa phando, n'kusiya kapu imodzi m'chigubu chifukwa tsopano sankakhulupirira chinthu chilichonse ndi mtima wonse.

Mvula inadukiza pakati pa Malichi, chimanga chisanakhwime bwino. Zitsononkho zinali zazifupi, zina zopanda maso kunsonga. Munda wa Ba Lastone, umene uli m'munsi pafupi ndi ngalande, unapirira dzuwa lija n'kubereka ndithu, ndipo mpaka lero iwo amanena kuti sanalakwe. Ambiri mwa enawo anagulanso mbewu kachiwiri. Ba Emelia anasankha zitsononkho zabwino, kutonola maso a pakati okha, n'kudzaza ndowa imodzi ndi theka. Mbewu ya a Daka inali yamoyo.

Anthu anayamba kubwera mmodzi mmodzi, aliyense ndi nkhani ina yoyambira. Ba Emelia ankawapatsa kapu imodzi yodzaza, ndipo asanachoke ankawaimika pa chitsulo chija kuwaonetsa kagwiridwe ka lula, afune asafune. Ba Lastone sanabwere. Anatuma akazi awo, Ba Edna, amene anaima pageti nthawi yaitali akuyamikira maluwa.

"Amuna anu akuti chani?" anafunsa Ba Emelia.

"Sanakambe kanthu. Anangonipatsa kambale aka."

Ba Emelia analandira kambaleko n'kukadzaza, pakuti mbewuyo inalidi ya onse. Koma anawauza kuti akanene kuti ikabzalidwa ndi vidiyo, chaka chamawa asatumenso munthu.

M'gulu sanabwezedwemo, ndipo sanapemphe. Chimene chimawakwiyitsa masiku ano n'chokulirapo kuposa Ba Lastone. Makalendala asanu ali pa msomali umodzi kuseri kwa chitseko, ndipo akawayala amaona kuti mvula ya Kafue ikuchedwa kubwera n'kumafulumira kupita, moti chimanga cha atate awo chikusowa malo m'chaka. Theka la munda tsopano amabzala mapira ndi nyemba za kwa Ba Fines, ndipo nshima ya mapira amaidya akudandaula. Chimanga cha makolo chatsala mizere makumi awiri, yosungira mbewu.

Novembala aliyense, vidiyo ya ku Katete ikalowa, Ba Edna amabwera nayo kumpanda kudzawaonetsa. Ba Emelia amaionera mpaka kumapeto, amafunsa kuti denga lodonthalo n'la yani ndiponso ngati amalume akali moyo. Akatero amabweza foni, kutenga lula pawindo, n'kupita kukasuzumira m'chitini.